Zidole za M'basi

"Werenganso! Werenga mokweza kuti amayi ako amve zimene anabereka!"

Bambo anaponya kalata ija patebulo, n'kukagwera m'beseni la madzi osamba m'manja. Ndinaivuula n'kuigwira pakona kuti idonthe.

"Ndawerenga kale, Ababa."

"Ndati werenganso!"

Inali kalata yachiwiri yondichenjeza. Abwana anga a kumalo osindikizira mabuku, mayi amene tonse tinkawatcha Wotchi chifukwa ankayamba ayang'ana pamkono asanayankhe moni, analemba mizere itatu yokha. Ndachedwa kawiri. Ndikachedwa kachitatu miyezi itatu yondiyesa isanathe, ndisadzavutike n'kulowa pageti. Kunali kutatsala milungu itatu.

"Zengerezu analinda kwaukwau," anatero Bambo. "Anzako akuzungulira ndi maenvulopu mpaka nsapato kung'ambika. Iwe ntchito yachita kukupeza, ukuiseweretsa. Umakaima pati m'mawa? Kuli kamnyamata eti?"

"Bambo ake, mwanayu amatuluka kunja kusanayere," anayankha Amayi. Ankasita jekete ya Bambo kumapeto kwa tebulo lomwelo, jekete yotuwa ija ya batani limodzi lofiira pamkono, limene anachotsa pa diresi lawo lakale. "Ndimamutsekulira chitseko ndine."

"Iwe sita jekete. Usandipserezere kolala."

Kuti ndikafike kuntchito ndinkakwera mabasi awiri, ina yochokera pasiteji ya kwathu kukafika kudepoti, ina yochokera kudepoti kupita kumafakitale. Ndinayesa kufotokoza, maso ali pa kalata yonyowa ija.

"Vuto ndi basi yachiwiri, Ababa. Ukafika umaona yatsala mipando iwiri. Woitanira akukuwa kuti mmodzi yekha tinyamuke, dalaivala injini akuiliza. Ukangokhala, kondakitala amatolera ndalama pompo kuti usathawe. Kenako bambo wa pakhomo amatsika ngati akukataya madzi. Akakwera munthu wina, winanso amatsika. Anthu aja si apaulendo. Amawalemba kuti azingokhala pamipando, basi izioneka yodzaza. Anthu amawatcha zidole."

Simbi ya Amayi inaima pamwamba pa thumba la jekete.

"Zidole?" Bambo anakankha mbale. "Anakuphunzitsa ndani kutchula anthu akuluakulu kuti zidole?"

"Ndi mmene aliyense amawatchulira."

"Aliyense akamadya dothi, nawenso udya?"

"Koma ndi akuba, Ababa. Amaba nthawi ya anthu."

Ndinadzidabwa ndekha. Kwathu sindinkayankha. Ngakhale kusukulu aphunzitsi ankachita kuyandikira kuti amve zimene ndanena.

"Akuba! Anakupisa m'thumba? Munthu wangokhala pampando, walakwira ndani? Ana a anthu amenewo adye chiyani, sitifiketi yako? Wopusa anaomba ng'oma, wochenjera navina. Ngati uli wopusa womangolowa basi iliyonse ngati nkhuku, usandinyansire nyumba ndi misozi."

"Bambo ake..."

"Kukununkha kupserera! Ndanena kale za kolala!"

Amayi ananyamula simbi mofulumira. Pathumba panali patachita kachizindikiro kofiirira. Anapapukuta ndi chala chamate, osayang'ana aliyense.

Bambo ankanyamuka ine ndisanatuluke, atavala jekete ndi tayi, chikwama chakuda kumanja, nyuzipepala kukhwapa. Ankagwira ukalaliki ku ofesi ina ya zonyamula katundu m'tauni. Sankalola kuti tiyendere limodzi. Ankati mwana wamkazi amachedwetsa ndi galasi.

Kuyambira m'mawa wotsatira ndinasiya kuthamangira basi. Ndinkaima kaye pafupi ndi mayi wogulitsa nthochi n'kumayang'ana. Kuyang'ana ndiye ndinkakutha. Munthu wosalankhula amaona zambiri.

Ndinaona kuti wapaulendo weniweni sakhazikika. Amasuzumira kutsogolo, amatsonya, amafunsa mnzake nthawi. Chidole chimakhala phee ngati chili pakhonde pakwawo. Wapaulendo amakumbatira chikwama chake. Chidole chimachisiya chitagona pamwendo, chophwa, mopanda kanthu. Kondakitala akamatolera ndalama amachidumpha osachiyang'ana n'komwe. Ndinaonanso kuti mwini wa zonsezi ndi woitanira wina wamfupi, wa khosi lalikulu, amene ankamutcha Mluzu. Akaimba mluzu kamodzi, chidole chimodzi chinkatsika.

Ndikawerenga zidole zopitirira zitatu, ndinkapita ku basi ina ngakhale ioneke yopanda anthu. Mluzu anandizindikira.

"Asisi a sukulu aja afika! Mukuwerenga chiyani, asisi? Mukufuna kutigula?"

Ndinkangowerama n'kudutsa. Kwa masiku asanu ndi atatu ndinafika eyiti koloko isanakwane. Tsiku lina basi inathera mafuta pakati pa mlatho, kondakitala n'kuthamanga ndi chigubu, komabe ndinalowa pageti kutatsala mphindi ziwiri. Wotchi anayang'ana pamkono, n'kuyankha moni wanga kwa nthawi yoyamba.

Madzulo ake ndinawafotokozera Amayi za zizindikiro zanga, ndikuseka. Bambo anali pakhomo akupukuta nsapato.

"Ndiye wasanduka wapolisi?" anafunsa osatembenuka. "Kapitawo wa mabasi? Nzeru zambiri zinapha mwini wake. Uzingokwera basi n'kumapita, usamayang'ane anthu kumaso ngati wawataya."

Loweruka, Wotchi anandituma kukapereka katoni ya mabuku kwa dalaivala wina wa mabasi opita kumpoto kwa tauni. Mbali imeneyo ya depoti ndinali ndisanapondeko. Nditapereka katoni ndinatembenuka, ndipo pazenera la basi ina ndinaona mkono wa jekete yotuwa, wa batani lofiira.

Ndinabisala kuseri kwa shedi yodikiriramo mabasi. Anali Bambo. Anakhala mowongoka, tayi ili m'malo mwake, nyuzipepala yotambasula, chikwama chakuda chitagona pamwendo. Gogo wina wa ndodo anafika, anasuzumira, ataona bambo wolemekezeka wa tayi anakwera. Mluzu unalira. Bambo anapinda nyuzipepala bwinobwino, anayang'ana wotchi yawo imene inafa kalekale, anatsika ngati aiwala chinthu. Anazungulira kuseri kwa chimbudzi, n'kukakwera basi yotsatira. Ndinawaona akuchita zimenezi katatu. Kachitatuko Mluzu, mnyamata woti akanakhala mwana wawo, anawamenya paphewa n'kunena kuti, "Madala, changu! Mwabwera kudzagona?" Bambo anaseka. Kuseka kumeneko kwathu ndinali ndisanakumvepo.

Ndinapeza Amayi ali pamakina awo osokera, akupinda siketi ya mwana wasukulu.

"Amayi, ofesi ya Ababa ili pati?"

Makina anapitiriza kulira.

"Ndawaona."

Makina anaima. Amayi anadzuka, anasuzumira panja, n'kutseka chitseko.

"Ofesi inatsekedwa chaka chatha, uli pakati pa mayeso. Unkafuna akuuze kuti ulephere?"

"Ndiye mumadziwa? Tsiku lija ankandifunsa za kamnyamata, inu mukudziwa?"

"Tsitsa mawu. Makoma ano ndi opyapyala."

"Mumasita jekete tsiku ndi tsiku kuti akanamize anthu!"

"Jekete ija ndilo khasu lawo. Mluzu amawakonda chifukwa cha tayi, akuti munthu wa tayi anthu amamukhulupirira. Ukuganiza makina awa okha angadyetse nyumba? Sopo amene umasambira popita kwa Wotchi wakoyo amachokera kuti?"

"Lero anamiza gogo wa ndodo."

"Ndipo gogoyo wafika kumene amapita, mochedwa koma wafika. Mvetsera, mwanawe. Bambo ako anachita kumugwadira Mluzu kuti asamawaike ku mabasi ako. Mbali yako ija ndi kumene kuli anthu ambiri, koma anakana. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Chimodzimodzi bambo. Mwamuna ukamuvula ulemu watsala ndi chiyani? Usawauze kuti wawaona. Ndakupempha."

"Ine akamandivula pano tsiku ndi tsiku, inu mumangosita."

Amayi anakweza dzanja, koma silinafike. Analibweza n'kuliika pa gudumu la makina.

Sindinawauze. Mlungu wonse tinkadya patebulo limodzi, Bambo n'kumakamba za abwana awo a ku ofesi, za mafailo amene akuchuluka, za mnyamata watsopano wosadziwa kulemba. Ine ndinkangoyang'ana batani lofiira.

Lachinayi la mlungu womaliza kunacha ndi mvula. Kunali kutatsala masiku awiri kuti andilembe ntchito yokhazikika. Basi yoyamba inabwera mochedwa, madzi akudontha kudenga, ndipo inaphulika tayala tisanafike pamsika. Tayala lapadera linali lakuphwa. Tinatsika, tinaima m'matope, n'kudzapanikizana m'basi ina. Ndinafika kudepoti nthawi itapitirira seveni koloko ndi mphindi khumi ndi zisanu.

Panali mabasi awiri. Ina inali ndi anthu ochepa. Inayo inkaoneka yodzaza, koma mazenera anali atachita nthunzi, sindinkatha kuona nkhope kapena zikwama. Mvula inkandimenya m'khosi.

"Mmodzi yekha, asisi a sukulu!" anakuwa Mluzu. "Lero musawerenge, munyowetsa sitifiketi! Mmodzi yekha!"

Ndinalowa. Kondakitala anandilanda ndalama ndisanakhale n'komwe, n'kundikankhira kumpando wakumbuyo, pafupi ndi bambo wina amene anadziphimba kumaso ndi nyuzipepala. Nditapukuta maso ndinayamba kuwerenga. Wa pakhomo, chikwama chophwa. Awiri a kutsogolo, phee. Mayi wa duku labuluu, phee.

Kenako ndinayang'ana dzanja limene linagwira nyuzipepala pambali panga. Batani lofiira. Pazenera lawo panali malo opukutidwa ndi chikhatho, aakulu bwino moti munthu n'kuona aliyense wobwera kuchokera kugeti.

"Ababa," ndinanong'ona.

Nyuzipepala sinasunthe.

"Ababa, enieni ndi angati muno?"

Mluzu anali ataima pakhomo, akusuzumira mkati. Nyuzipepala inatsika pang'ono, maso okha n'kuonekera.

"Mwandifananiza, chemwali," anatero Bambo mokweza. "Sindikukudziwani."

Kudzera pamalo opukutidwa aja ndinaona basi inayo. Anthu a mvula ankathamangiramo. Inadzaza, chitseko chinatsekedwa, inanyamuka ikumwaza matope. Mluzu unalira, wa pakhomo uja n'kutsika.

Sindikudziwa kuti ndinaima bwanji. Mutu unagunda denga. Mawu anangotuluka.

"Basi ino sinyamuka! Awa si apaulendo. Awa, ndi awa, ndi mayi a duku awa, ndi awiri awo. Onsewa ndi zidole!"

"Khala pansi, iwe!" anakuwa kondakitala.

"Ndi awa." Ndinakoka nyuzipepala ija. Inali ya mwezi watha, inang'ambika pakati. "Awa akuti sakundidziwa. Ndi bambo anga ondibereka. Tsegulani chikwama chawocho muone ngati muli kanthu!"

Basi yonse inaphulika ndi phokoso.

"Ndalama zathu!" anakuwa bambo wina wa ovolosi. "Ndakhala muno kuyambira sikisi koloko!"

"Ine mwana akutentha thupi, ndikupita kuchipatala!" anatero mayi wina wobereka mwana. "Bambo wamkulu ngati inu, ndi tayi yomwe! Ndakwera chifukwa ndinaona inu! Mulibe manyazi?"

"Tayi ya pamaliro a nzeru!"

"Atuluke! Zidole zituluke!"

Wa ovolosi uja analanda chikwama chakuda n'kuchikhuthula. Munagwa chipeso ndi kansalu kopukutira nsapato. Anthu anaseka kuseka koipa. Mluzu analowa akukankha anthu, anagwira Bambo pakolala n'kuwakokera panja. Ndinamva jekete ikung'ambika.

"Madala, mwandibweretsera mwana wanu kuti andiphere bizinesi? Ndakuikani kuno chifukwa anthu anga athawa mvula, ndiye mwandithokoza chonchi?"

Sindinadikire kuona zotsatira. Ndinadumpha, ndinathamangira kumsewu waukulu, n'kuima ndikukweza dzanja. Mabasi atatu anadutsa odzaza. Yachinayi inaima.

Wotchi ndinawapeza ataima pageti ndi ambulera. Anayang'ana pamkono. Inali hafu pasiti eyiti.

"Abwana, mabasi..."

"Ine sindinalembe ntchito basi. Ndinalemba iwe." Anandipatsa envulopu youma bwino, yolembedwa kale. "Umagwira ntchito bwino, sindikana. Koma makina anga sadikira munthu."

Nditafika kunyumba masana, jekete inali kale pamakina a Amayi, kolala ikulendewera. Bambo anakhala pampando wawo atavala malaya amkati okha, mlomo utatupa. Ndinaika envulopu patebulo. Palibe anaitsegula.

"Wakhuta?" anafunsa Bambo. "Wandivula pamaso pa depoti yonse. Mpaka ogulitsa nthochi akundiloza. Wakhuta tsopano?"

"Munandiona pazenera."

"Ndinakubereka ine! Ndinakuphunzitsa ine!"

"Munapukuta zenera, Ababa. Munandiona ndikuchokera kugeti. Mukanangogogoda galasi. Mukanangopukusa mutu."

"Mluzu anali pomwepo! Unkafuna andichotse?"

"Ndiye munasankha kuti achotse ine."

"Ndinkati mwina idzaza msanga! Kunali mvula, anthu amabwera. Ukanangokhala chete mphindi khumi..."

"Mphindi khumi zimenezo n'zimene mumauza aliyense."

"Tamumva! Tamumva mwana wako! Pakamwa pamene pankakanika kupereka moni kwa alendo, lero pakuweruza bambo ake!"

"Munati simukundidziwa."

Bambo anatembenuka. Anayang'ana kukhoma.

"Paja amati nkhuyu zodya ana zimapota akulu," ndinatero. "Kuno adya ndi akulu, wapotedwa ndine."

"Basi!" Amayi anamenya makina ndi chikhatho. "Nonse awiri, basi! Wina wanamiza mwana wake, wina wagulitsa bambo ake. Mwapambana nonse. Tsopano ndiuzeni, mawa muno mudya kupambanako?"

Masiku atatu Bambo sanatuluke m'nyumba. Sitinkalankhulana. Akafuna mchere ankauza Amayi kuti, "Uza wapolisi wakoyo andipatsire." Amayi anasoka kolala, koma msoko unkaonekera patali. Lolemba masana Bambo anavala jekete n'kupita kudepoti. Anabwera dzuwa lisanalowe, anakhala pampando osavula nsapato, n'kulankhula akuyang'ana Amayi.

"Mluzu akuti nkhope yanga yatha ntchito. Aliyense akundidziwa. Ndikakhala m'basi anthu amathawa." Anakanda pachibwano. "Koma akuti akusowa munthu wamkazi. Wachitsikana, wooneka wa ku ofesi, wa bulauzi yoyera ndi kachikwama. Akuti amayi anzake akamuona amakwera osafunsa. Ku mbali ya kumpoto, kumene sakumudziwa. Akuti maso ali nawo, ndipo amadziwa kale zimene chidole sichiyenera kuchita."

Ndinayembekezera kuti Amayi akuwa. Sanakuwe. Anadzuka, analowa kuchipinda kwanga, n'kutuluka ndi bulauzi yanga yoyera ya kuntchito. Makala a m'simbi anali akadali amoyo.

"Ndisite?" anafunsa chapansipansi.

Ndinaitenga m'manja mwawo. Pakhomo panali beseni la madzi a mvula. Ndinaviika bulauzi yonse m'madzimo, ndinaikanikiza ndi manja awiri mpaka thovu linasiya kutuluka.

"Yanyowa," ndinatero. "Sivalika."

Bambo sanakalipe. Anawerama n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato.

"Iuma," anatero. "Njala ndi basi yokhayo imene sichedwa."

Amayi anavuula bulauzi ija, anaifinya, anaikung'untha kawiri, n'kukaiyanika pachingwe, mbali imene dzuwa limayambira kuwomba.